Ukadutsa pa boda ya Mwami: zoyenera kusunga m'manja mwako

(Zoyankhulidwa pa kamsonkhano ka anyamata ndi abale awo ochepa, pa nyumba ina kwa Kamwendo m'boma la Mchinji.)

Zikomo amayi potipatsa malo, komanso potiika kuseri kuno komwe kulibe odutsa. Mafoni onse ali mu lichero lija, si choncho? Amene akulembayu walonjeza kuti dzina la munthu aliyense sililowa m'kope mwake, ngakhale langa. Ndiye tiyankhule momasuka.

Ambiri mwa inu mukundidziwa. Ndinakhala ku Joni zaka 9. Ndinayamba ndi maganyu a m'gadeni, kenako kutsuka mbale mu lesitilanti, pomaliza ndinkaphika. Ndine mwamuna wokonda amuna anzanga, ngati ambiri a ife muno, ndipo dzina lija amatitchula kunjali, lija la mathanyula, ndalimva m'zinenero zinayi. Chomwe chandibweretsa n'chakuti mwezi ndi mwezi ndimalandira uthenga woti, achimwene, ndikufuna kuchoka, ndayamba kusonkhetsa ya basi. Sindinabwere kudzakuletsani. Sindinabwerenso kudzakukopani. Ndikufuna kuti amene watsimikiza zopita apite akudziwa, chifukwa ine ndinapita ngati mbuzi yopita ku msika, ndikungoona mitengo ikuthamanga.

Tiyambire pakhomo pano. Malamulo a milandu a dziko lathu, gawo 153, amati mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzake atha kukhala kundende mpaka zaka 14. Gawo 156 limaonjezera zaka 5 pa zomwe amazitcha zonyansa pakati pa amuna. Akuluakulu muno mukukumbukira chinkhoswe cha ku Blantyre mu Disembala 2009, cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga. Anawagamula zaka 14 mu Meyi 2010, ndipo a Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa, a Ban Ki-moon, mkulu wa bungwe la United Nations nthawi imeneyo, atabwera kuno. Kuchokera pamenepo boma lakhala likunena nthawi zina kuti layamba laimitsa kumanga anthu, koma malamulowo sanafufutidwe. Mu Juni 2024 oweruza atatu ku Blantyre anakana pempho loti malamulowa achotsedwe. Ndiye ndikumvetsa chifukwa chake mnyamata amayang'ana kumadzulo kuno n'kumati, kuseri kwa phiri lija mwina kuli mpweya.

Kuseri kwa phiri lija kuli Zambia, ndipo apa mpomwe ife a ku Mchinji timapusira. Ku Chipata sitikutenga ngati kunja. Timapitako pa kabaza, timakagulako zitenje, ena muli ndi azakhali kumeneko. Mu Ogasiti timapita ku Kulamba ku Mkaika, mu Febuluwale ena amakaonera Nc'wala ku Mtenguleni. Chinenero n'chomwechi, nsima ndi yomweyi. Munthu umamasuka, umati kuno sandidziwa. Koma lamulo la ku Zambia ndi lowawa kuposa lathu: limayambira zaka 15 ndipo litha kufika moyo wonse. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15. Anali m'chipinda cholipira, wogwira ntchito pamalopo ndiye anakanena. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulocho, zinafika poti anachoka m'dzikomo. Amunawo anatuluka mu Meyi 2020 a Edgar Lungu atakhululukira akaidi ambiri pamodzi. Tamvani bwino pamenepo: sanagwidwe pamsewu, anagwidwa m'chipinda chomwe analipira ndalama zawo. Ndiye inu amene mumati tikakumane pa loji ya ku Chipata poti kuno maso achuluka, dziwani kuti kumeneko mukagwidwa ndinu mlendo, mulibe mfumu yokuyankhulirani, mulibe malume wothamanga ndi belo.

Kumpoto musayerekeze kuti kuli bwino. Ku Tanzania, komwe ena mumakatenga mabelo a kaunjika ndi magalimoto ku Dar es Salaam, chilango ndi zaka 30 kapena moyo wonse. Ku Uganda lamulo la mu Meyi 2023 lili ndi chilango cha imfa pa milandu ina. Ku Kenya ndi zaka 14 ngati kwathu kuno. Kumwera ndiye zinthu zasinthako. Mozambique inachotsa lamulo lotere mu 2015. Ku Botswana khoti linalithetsa mu 2019 ndipo khoti la apilo linatsimikiza mu 2021. Ku Namibia khoti linatero mu 2024. South Africa inalemba m'malamulo ake aakulu a 1996 kuti munthu asasalidwe chifukwa cha amene amamukonda, ndipo kuyambira 2006 amuna awiri amakwatirana ku boma.

Tsono taganizirani basi ya ku Joni. Imanyamuka ku Lilongwe, imatulukira pa Dedza, imadutsa ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge, Musina, kenako Park Station. Masiku awiri. Pa mpando umodzi womwewo, munthu yemweyo, uli wolakwa ku Malawi, wosalakwa ku Tete, wolakwanso ku Zimbabwe komwe chilango chimafika chaka chimodzi, kenako wosalakwa ukaoloka Limpopo. (Kuseka.) Mukuseka, koma tanthauzo lake n'lakuti m'basi monse muja ndinu munthu wopita kukafuna ganyu, basi. Woyandikana naye mpando akafunsa, yankho ndi lalifupi. Mukapita awiri, ndinu asuweni. Si manyazi amenewo, ndi ulendo.

Ndifike pa foni, chifukwa masiku ano munthu sagwidwa ndi mboni, amagwidwa ndi foni yake. Pa boda kapena pa rodibuloko wapolisi atha kunena kuti tsegula. Mwina alibe mphamvu yotero, koma usiku pa Nyamapanda, basi ikukudikirani, simukachita naye mkangano wa malamulo. Choncho foni iyeretsedwe musanakwere. Zithunzi zija, mauthenga aja, ma app aja opezerana zibwenzi onga Grindr, chotsani. Mukatsitsanso mukafika. Yang'ananinso m'bini ya foni ndi m'zithunzi zomwe WhatsApp imasunga yokha, poti ambiri amafufuta pamwamba pokha. Tsekani foni ndi manambala osati chala kapena nkhope, chifukwa chala munthu atha kuchigwira n'kuchidinda muli mtulo kapena atakupanikizani. Ndipo chonde, chithunzi chomwe chili ndi nkhope ndi maliseche pamodzi musatumizire munthu, kaya mukumukonda chotani. Chikondi chimatha, chithunzi sichitha. Ku Egypt apolisi enieni amatsegula maakaunti abodza pa ma app amenewa, kucheza nawe mokoma, kupangana malo, ukafika unyolo. Bungwe la Human Rights Watch linalemba zimenezi mu 2023, likutchula Egypt, Iraq, Jordan, Lebanon ndi Tunisia.

Tsopano pa mtima pa nkhani yanga. Nditafika ku Joni ndinkaganiza kuti ndafika kumwamba. Lamulo lili mbali yanga, nanga si choncho? Koma ndinafikira kwa ndani? Kwa mnyamata wa kumudzi kwathu, yemwe tinkapita naye kudambo tili ana. Chipinda chinali chake. Ntchito anandipezera ndi iye. Pasipoti yanga inkakhala m'sutikesi mwake poti iye ndiye anali ndi loko. Ndalama zanga zoyamba zinkalowa mu akaunti yake poti ine ndinalibe. Anthu onse omwe ndinkawadziwa anali a tchalitchi chake ndi a gulu lake la maliro. Kunja kwa geti kunali South Africa, koma m'kati mwa yadi ija munali mudzi wathu wonse, ndi miseche yake yomwe. Tsiku lomwe anaona uthenga pa foni yanga, zonse zinagwa nthawi imodzi: pogona, ntchito, ndalama, pasipoti. Ndipo usiku womwewo nkhani inali itafika kwa mayi anga kuno, chifukwa WhatsApp sidikira basi. Ndinagona masiku atatu pa malo okwerera matakisi.

Sindikumunena mnyamata uja, anachita zomwe anaphunzitsidwa. Cholakwa changa chinali kuika moyo wanga wonse m'thumba la munthu m'modzi. Kuno kwathu kwa alimi a fodya timati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pasipoti yomwe ili m'sutikesi ya wina si yanu. Lamulo labwino la dziko la eni limateteza munthu amene angathe kulowa pa polisi osaopa kufunsidwa mapepala, amene ali ndi kwina kokagona akathamangitsidwa. Enafe limangotidutsa pamutu ngati ndege.

Ndiye mapepala. Mmalawi akamalowa South Africa ndi pasipoti amamudindira masiku 30. Masiku amenewo si chilolezo cha ntchito. Ukapitirira ndi masiku osakwana 30, potuluka amakuletsa kulowanso kwa chaka. Ukapitirira kuposa pamenepo, zaka 5. Akakugwira m'kati amakutumiza ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira kubwezedwa, ndipo muja mumagona mothithikana ndi anthu a mitundu yonse, kuphatikizapo akwanu. Ndikudziwa kuti ambiri apitabe kudzera kwa matransipota n'kukhala opanda mapepala, sindine mwana. Koma dziwani kuti kwa ife mtengo wake ndi wowirikiza. Wina aliyense wopanda mapepala amaopa apolisi. Ife timaopa apolisi ndiponso timaopa kuululidwa, ndipo munthu woopa kawiri ndi ndiwo ya achinyengo. Abwana sakulipirani, mwini nyumba akukwezerani lendi, chibwenzi chikumenyani, onse akudziwa kuti simukanena.

Pasipoti muijambule, chithunzicho mudzitumizire pa imelo yomwe mawu ake achinsinsi mukuwadziwa pamtima, ndipo pepala lina lisiyidwe kwa munthu m'modzi kuno. Manambala atatu muwalowetse m'mutu kapena muwalembe pa kapepala m'nsapato, chifukwa foni ndiyo imayamba kubedwa. Ku South Africa apolisi ndi 10111, ndipo 112 imalowa pa foni ya m'manja ngakhale mulibe mayunitsi. Ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria, ina ili ku Johannesburg. Ingakuthandizeni pasipoti ikatayika, koma ndi ofesi ya boma lomwe lili ndi gawo 153, choncho mukanene za pasipoti, zina zija si zofunika kumeneko. Ndipo ndalama ya basi yobwerera, kapena ya lendi ya mwezi umodzi, ikhale padera pomwe palibe akudziwa. Osaitumiza kumudzi ngakhale akulirireni za feteleza. Pepani amayi, koma n'zoona. (Kuseka.) Ndalama imeneyo ndi khomo lotulukira.

Za kukumana ndi anthu. Munthu ukakhala zaka ukubisala ndiye n'kufika komwe foni ikukuonetsa amuna makumi ali pafupi, mutu umazungulira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ku Johannesburg kuli magulu a zigawenga omwe ntchito yawo ndi yomweyi. Amaika chithunzi cha mnyamata wooneka bwino, amakuitanira kunyumba, mwina kukutumizira ndi galimoto yomwe, ukalowa upeza amuna anayi. Amakumanga, amakukakamiza kutsegula app ya banki, amakujambula, kenako amayimbira abale ako kufuna dipo. Mu Seputembala 2023 apolisi anapulumutsa wophunzira wa pa yunivesite ya Wits yemwe anabedwa mwa njira imeneyi, anamupeza atamangidwa mu hostel ina. Ameneyo anali ndi anthu omufunafuna. Nanga Mmalawi wosalembedwa paliponse, amene palibe akudziwa komwe wapita, amufunafuna ndani?

Nkhanga zinapangana kusanapse. Musanatuluke, munthu m'modzi adziwe komwe mukupita ndi nthawi yomwe muyenera kuyimba, ndipo mugwirizane kuti nthawiyo ikadutsa achite chiyani. WhatsApp ili ndi njira yoonetsa pomwe muli kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Sankhani ya maola 8. Munthuyo muyambe mwayankhula naye pa vidiyo, akakana katatu ndiye kuti chithunzicho si chake. Koyamba kumanani masana, pa malo odyera kapena pa mall pomwe pali anthu ndi alonda. Pitani ndi mayendedwe anu, bwererani ndi mayendedwe anu. Akasintha malo mwadzidzidzi muli m'njira, tembenukani. Pasipoti ndi khadi la banki lomwe lili ndi ndalama zenizeni zitsale kunyumba. Chakumwa chotsegulidwa kale musalandire, ndipo mukapita kuchimbudzi n'kusiya botolo, mukabwera gulani lina. Kumeneko kulinso ufa ndi timadzi tina tozunguza bongo tomwe anthu amagwiritsa ntchito pogonana, tik ndi zinzake. Ndaona anyamata awiri a kwathu kuno akuthera m'menemo, woyamba kumene anangolawa kuti asaoneke wa kumudzi.

Zikakuchitikirani, ndikupemphani, musadzitsekere m'nyumba ndi manyazi. Ku South Africa wolakwa ndi wakubayo, si inu. Kugwiriridwa kwa mwamuna ndi mlandu wofanana ndi kwa mkazi pa lamulo la kumeneko, ndipo m'zipatala zina za boma muli malo otchedwa Thuthuzela komwe dokotala, mlangizi ndi wapolisi amapezeka pamodzi. Wapolisi wina akusekani, zimenezo zilipo, ine zinandichitikira nditabedwa foni. Musapite nokha. Kuli mabungwe ozolowera nkhani zathu: Triangle Project ndi PASSOP ku Cape Town, lina lotchedwa OUT, Lawyers for Human Rights pa nkhani za mapepala. Mayina amenewa muwadziwe musanavutike. Ndipo wina akayamba kukuopsezani kuti ndipatse ndalama apo ayi ndiuza kwanu, dziwani kuti mukalipira kamodzi mwatsegula akaunti. Sasiya. Sungani mauthenga akewo ngati umboni, musamuyankhe mwaukali, funani thandizo. Koma malangizo opita ku polisiwa ndi a ku South Africa, Botswana ndi maiko onga amenewo. Ku Zambia kapena ku Tanzania yambani mwapeza loya kapena bungwe, chifukwa wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu.

Palinso china chomwe lamulo la 1996 silinachotse: ndinu mkwerekwere, dzina lonyoza lomwe amatchulira alendo kumeneko. Mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo. Mu 2015 zinabukanso ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu. Choncho mumanyamula akatundu awiri. Mu lokeshoni, amene sakudani chifukwa cha chikondi chanu atha kukudani chifukwa cha lilime lanu. Kugwirana manja komwe mungakuone ku Cape Town pakati pa tawuni musakakuyese m'makhukhu usiku. Dziko ndi limodzi, koma misewu ndi yosiyana. Mlendo amayamba waona momwe eni ake akuyendera.

Azakhali akweza mkono, funsani. Eya, afunsa za amene ali pa mankhwala. Mwachita bwino, ndikanaiwala chachikulu.

Amene mukumwa ma ARV, musanyamuke mwakachetechete. Pitani ku chipatala komwe mumalandirira, muwauze kuti mukuyenda, simukuyenera kufotokoza chifukwa. Pemphani mankhwala a miyezi ingapo, poti masiku ano amene akuyenda bwino amapatsidwa mpaka a miyezi 6, ndipo pemphani kalata yosamukira. Tengani buku lanu la kuchipatala. Dzina la mankhwala anu mulidziwe, ambiri tili pa TLD, ndipo omwewo aliponso ku South Africa. Mabotolo akhale m'chikwama cha pamiyendo, osati m'telela ya basi, chifukwa katundu amasochera pa Beitbridge. Ena amakhuthulira mapilitsi m'pepala la shuga pobisa. Pa boda zimenezo zimaoneka ngati mankhwala ozunguza bongo, bola botolo lake lenileni. Mukafika, musadikire kuti mutsale ndi mapilitsi atatu. Kalembetseni ku kiliniki mwezi woyamba womwewo, chifukwa nthawi zina pa geti pamaima magulu onga Operation Dudula kubweza alendo, ndipo mungafunike kuyesa kiliniki yachiwiri kapena yachitatu. Kumbukiraninso kuti mu 2025 boma la America litadula thandizo, makiliniki ena omwe ankalandira bwino amuna ngati ife anatsekedwa. Adiresi yomwe munamva kwa mnzanu zaka zitatu zapitazo mwina ndi chitseko chokhoma lero, yambani mwafunsa.

Amene mulibe kachilombo, kuli PrEP, mankhwala omwa musanakumane ndi chiopsezo, ndipo kuno ku Malawi alipo. Kulinso PEP, omwa ngozi itachitika kale, kondomu yaphulika kapena mwagwiriridwa. Amenewa ayambidwe asanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Maola 72 ndi masiku atatu okha, ndipo mukafulumira ndi pomwe amagwira bwino; musagone kaye kuti muganize. Mafuta oterera akhale opangidwa ndi madzi. Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta odzola amafooketsa kondomu mpaka kung'ambika. Mukaona zilonda, mafinya kapena totupa kumaliseche kapena kumbuyo, muuzeni namwino malo enieni. Ambiri timanena kuti m'mimba mukupweteka n'kubwerako ndi Panado.

Pa maiko a Aluya ndiima pang'ono, chifukwa madobadoba a ntchito za ku Dubai, Qatar, Oman, Kuwait ndi Saudi Arabia afika mpaka m'midzi muno. Ku Saudi Arabia chilango chitha kukhala imfa. Ku Oman, Qatar ndi ku Dubai ndi ndende kenako kubwezedwa. Kuonjezera apo, maiko amenewa amayeza magazi munthu asanapatsidwe chilolezo chokhala, ndipo wopezeka ndi HIV amabwezedwa. Ndiye ngati muli pa ma ARV, musagulitse munda kulipira ejenti, mukabwerera pa chipatala chawo ngongole ili pamsana. Chilolezo chimamangidwanso pa bwana amene wakuitanani, ndipo mabwana ambiri amalanda pasipoti. Munamva momwe amayi athu anavutikira ku Oman. Ndiko kuika moyo m'thumba la munthu m'modzi kuja, koma kumeneko n'kovomerezeka ndi dongosolo lomwe. Ine mwana wa mchemwali wanga atandifunsa ndingamuuze kuti ayi. Ngakhale pongodutsa pa bwalo la ndege ku Doha kapena Addis Ababa, foni ikhale yoyera. Ku Israel, komwe achinyamata anayamba kupita ku minda mu Novembala 2023, lamulo silikuletsani, koma mumagona ndi kudya ndi Amalawi anzanu pa famu, ndipo mukathawa pa famupo mwaswa chilolezo. Ndi yadi ija ndinakuuzani ija.

Funso lomwe ndimalandira kwambiri ndi la asayilamu, kupempha chitetezo ngati wothawa kwawo. Inde, lamulo la othawa kwawo la South Africa la 1998 limavomereza munthu wozunzidwa chifukwa chokonda amuna anzake. UK, Ireland ndi Canada nawonso amavomereza. Koma simungapemphe muli kuno kwa Kamwendo, muyenera kukhala kunja kwa dziko lanu. Ku South Africa umayenera kunena pa boda polowa, amakupatsa masiku 5 kuti ukafike ku ofesi ya othawa kwawo, monga ya ku Musina, Pretoria kapena Durban. Kumeneko umalandira pepala lomwe anthu amangolitcha section 22, lomwe umakalionjezera nthawi ndi nthawi, ena kwa zaka zambiri osamva yankho. Amakufunsa mafunso olowa m'kati, ndipo womasulira atha kukhala Mmalawi mnzako. Ambiri amachita manyazi n'kunena kuti ndabwera kudzafuna ntchito, pomwepo mlandu watha. Nenani zoona, zomwezomwezo nthawi zonse, ndipo ngati muli ndi lipoti la polisi, kalata ya chipatala kapena mauthenga oopseza, sungani. Nkhani yogula kwa dobadoba musaiyerekeze, ofunsawo anaimva kale kambirimbiri. Wina akakulemberani pa Facebook kuti tumizani ndalama pa Airtel Money tikupititseni ku Canada, ameneyo ndi wakuba. UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, silipiritsa. Ndipo amene akuti pitani ku kampu ya Kakuma ku Kenya mukadikire ndege, afunseni ngati anagonako. Anthu ngati ife amenyedwa ndi kuotcheredwa malo ogona m'kampu imeneyo.

Koma pali mtengo wina wa asayilamu womwe anyamata sauwerengera, ndipo ndi chifukwa chake ndinapempha kuti amayi ndi azakhali akhale nafe lero. Ukauza boma la eni kuti kwathu ndikaphedwa, sungakwerenso basi kubwera ku maliro. Ukabwera, kapena ukakatenga pasipoti yatsopano ya Malawi, atha kukulanda chitetezocho, poti waonetsa kuti kwanu ukutha kufikako. Ndinali ndi mnzanga kumeneko amene anamvera maliro a mayi ake pa foni, mlongo wake atakweza foni m'mwamba ku manda kuti amve nyimbo. Anatumiza ya bokosi pa Mukuru, anatumiza ya chakudya, koma dothi sanaponye. Usiku umenewo tinakhala naye anthu atatu, Mzimbabwe m'modzi, Mkongo m'modzi ndi ine, palibe wachibale. Kale agogo athu opita ku Wenela ndi ku Theba akapanda kubwerera tinkawatcha matchona, ngati kuti anasankha kuiwala kwawo. Ena sanasankhe. Choncho ngati moyo wanu uli pa ngozi yeniyeni, pemphani, ndi ufulu wanu. Koma ngati chomwe mukufuna ndi ntchito ndi kupumako pang'ono, yesetsani njira ya sukulu kapena chilolezo cha ntchito, ichedwe bwanji, kuti njira yobwerera isatsekeke.

Kwa inu amayi ndi azakhali, mwana akapita, khalani inu munthu m'modzi uja. Musunge pepala la pasipoti yake. Mudziwe dera lomwe akukhala ndi nambala ya mnzake m'modzi. Wina akakuyimbirani kuchokera ku Joni kuti mukudziwa zomwe mwana wanu akuchita kuno, mukangoyankha kuti ndikudziwa, nanga pali china, mwathyola mpeni wa woopsezayo. Mayi anga zinawatengera zaka zinayi kuti afike ponena mawu amenewo, ndipo tsiku lomwe ananena ndi lomwe ndinayamba kugona tulo.

Achimwene kumbuyoko afunsa kuti nanga mnzako wokhala naye umamupeza bwanji ngati akumudzi sungawadalire. Sindinati musawadalire konse, ayi, popanda iwo simungapeze ndi ganyu yomwe. Ndati asagwire zonse. Fikirani kwa wakumudzi, koma mwezi woyamba womwewo yambani kudziwana ndi anthu ena kunja kwa yadi: pa ntchito, ku mabungwe ndatchula aja, ku matchalitchi omwe amalandira anthu ngati ife, alipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Mukapeza chibwenzi chokhala ndi nyumba ndi galimoto, musasiye ntchito yanu n'kusamukira kwake sabata yachiwiri. Ameneyonso ndi thumba limodzi, lonunkhira bwino chabe.

Dzuwa lapendeka, ndipo a ku Mkanda ndi ku Kapiri muli ndi ulendo. Amene muli ndi mapasipoti ndipo mukufuna tione masiku ake otha ntchito, kapena tiyeretse foni limodzi, nditsala pakhonde la kuseri, bwerani m'modzim'modzi. Enanu tengani mafoni anu mu lichero, muonetsetse kuti ndi yanu. Potuluka musatuluke chigulu, awiri atsogole, ena adikire pang'ono. Akakufunsani panjira, munali ku msonkhano wa banki m'khonde.